Mzinda Wofanana ndi Kwathu

Elube mwana wanga,

Ndikulemba ndili pansanja kumunda wa mpunga, dzanja ili cholembera, dzanja ili chingwe cha zitini. Ukaona zilembo zapendama udziwe kuti mpheta zinatera, ine n'kukoka chingwe. Iwe wapita ku Songani kukalukitsa tsitsi, bambo ako ali kunyumba akupukutapukuta chikwama chako ngati mawa okwera ndege ndi iwowo. Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa pandikanika. Sabata yonseyi ndikati ndiyambe kukulangiza, umandiyang'ana ndi timaso tako toseka, ine n'kuseka nawo, nkhani n'kufera pomwepo. Kalatayi ndiibisa m'thumba la juzi yako. Ukaiwerenge ndege ili m'mwamba, poti kumeneko ulibe kothawira.

Za sukulu sindinena kanthu. Amene anakusankha kuti ukaphunzire ulimi wa mpunga ku Japani anaona mutu wako, ndipo mutuwo sindinaukayikirepo. Chikundisowetsa mtendere ndi tchuthi. Kuyambira tsiku lija unandikhazika pamkeka n'kundionetsa pafoni mizinda imene ukufuna kukaiona sukulu ikatsekera, mtima wanga uli m'malere. Unati wina ndi wa chikhalidwe, wina wa zakudya, wina wa zachilengedwe, kenako n'kundifunsa kuti, "Amayi, mukanakhala inu mukanayamba uti?" Ndinakuyankha kuti ine mzinda wanga ndi Zomba, tonse n'kuseka. Yankho lenileni ndi limene ndikulembali.

Ndiyambe ndi chimene chandikhala pakhosi, kuti usadabwe ndikamabwerezabwereza. Ndikuopa kuti sudzabwerera. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi, iweyo. Alongo ako ali kuchikamwini, akulemeretsa minda ya eni ake, ndipo ndi mwambo, sindidandaula. Munda uno wa kudambo unachoka kwa agogo anga kupita kwa mayi anga, kuchoka kwa mayi kudza kwa ine, ndipo ukudikira iwe. Lamulungu lija, anthu odzakutsanzika atabalalika, amalume ako a Mateyu anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Achemwali, tisanamizane. Mwanayu akakamira komweko, munda uwu upita kwa ana a mng'ono wanu. Munda sulimidwa pa foni." Sananene mwankhanza, ndipo monga mwini mbumba sanalakwe. Koma ine tsiku limenelo chakudya chinakana kutsika. Si munda wokha ayi. Ukapanda kubwera, khomo langa latha, chifukwa ine ndikadzagona palibenso wodzasesa pamenepo.

Tsono tiye ku mizinda yakoyo. Choyamba, yachuluka. Unkangoyendetsa chala pafoni, uwu wakoma, uwunso wakoma, ine n'kukumbuka pusi uja anagwa chagada. Sankha yowerengeka, ndipo kumene wapita ukagoneko, udzuke nako, uone mmene anthu amayambira tsiku lawo. Mzinda wongodutsa suudziwa, umangotopa nawo miyendo.

Chaka chija amayi a kumpingo tinakwera phiri la Zomba, wokakamiza ulendo ndinali ine. Moyo wanga wonse phiri lija ndimaliona ndili wowerama m'madzi a mpunga, ndipo ndinali nditaona chithunzi pa kalendala, chojambulidwa pamwamba pake, chigwa chonse chikuoneka mpaka nyanja yathu ya Chilwa. Ndinkafuna ndikaloze denga langa ndili kumeneko. Sitinafunse munthu aliyense za nyengo. Tinanyamuka mu Juni, ine nditavala kabulauzi kopyapyala ka pa Khirisimasi, poti ndinkafuna kukajambulitsa. Titafika pamwamba tinapeza nkhungu itakuta ponseponse, mnzako wapafupi kumangomumva mawu. Chiperoni chikuwaza, mano gwedegwede. Chigwa sitinachione, nyanja sitinaione, tinangoimba nyimbo imodzi ndi milomo youma n'kutsika. Ndinagona ndi chifuwa mpaka mpunga wanga anandipunthira anthu ena.

Ndiye mzinda wako wa chipale chofewa uja, Sapporo, umene unati uli pafupi ndi mapiri, nkhalango ndi akasupe otentha, ndikauganiza ndimamvanso kuzizira kwa tsiku limenelo. Chithunzi sichizizira, mwanawe. Wojambula anadikira tsiku labwino, iwe udzafika tsiku limene wafika. Usanagule tikiti ufunse munthu wobadwira konko kuti nyengo yabwino ndi iti, ndipo anthu amavala chiyani, chifukwa safunsa anadya phula. Ndiwe mwana wa kudambo, amene mu Juni umagona ndi masokosi n'kumalirabe. Unanenanso ukuseka kuti m'nkhalango zake muli zimbalangondo. Ine sindinaseke. Kuno umadziwa phazi la fisi, umadziwa pamene njoka imakonda kubisala m'mphepete mwa ngalande, koma kumeneko tchire silikudziwa ndipo iwe sulidziwa. Usalowemo wekha. Msodzi sachoka padoko osasiya mawu kuti walowera kuti, iwenso uzisiya mawu kwa munthu. Koma kupita ukapite, ukagwire chipalecho ndi dzanja, udzandiuze ngati chimasungunuka monga matalala. Mzinda umenewu sindiuopa kwenikweni, kuzizira kudzakupirikitsa kokha.

Maliro a bambo a Asiyatu ndiwo anandiphunzitsa za kwa eni. Asiyatu ukumudziwa, mnzanga wa ku Songani amene timagulitsira limodzi mpunga. Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo maliro a Chisilamu ndinali ndisanakhalepo. Amuna atanyamula thupi, ine nyamu, chitenje m'chiuno, kutsatira kumanda monga timachitira kwathu. Poona kuti palibe woyambitsa nyimbo, ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathandize anthu. Ndinayenda ndithu kamtunda ndisanazindikire kuti pamsewu ponsepo mkazi ndine ndekha. Asiyatu, misozi ili m'masaya, anachita kundithamangira n'kundikoka chitenje. Anati, "Anzanga inu, tabwererani! Kwathu kuno akazi sitipita kumanda, ndipo nyimbozo ayi." Sanandikalipire, koma manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero. Mtima wanga unali wabwino, komabe ndinamuwonjezera ntchito munthu woferedwa.

Nkhani imeneyi ndakusungira chifukwa cha Kiyoto, mzinda wako wa akachisi akalekale. Iwe ukuona madenga okongola ndi maluwa, ine ndikuona malo amene anthu amapempherapo ndi kulira abale awo. Ukafika uyambe waima kumbuyo. Uone zimene akazi a msinkhu wako akuchita, pamene avula nsapato uvule, pamene akhala chete ukhale chete. Kuseka kwako kuja, kumene kumamveka kuchokera padoko mpaka kutchalitchi, ukakupinde n'kukuika m'thumba. Mulungu wako ukumudziwa, palibe akukuuza kuti ukagwadire za eni, koma usakanyoze, ngakhale ndi nsidze.

Za kujambula nazo ndinene. Ukuwakumbuka alendo aja amabwera ku Kachulu kudzaona mbalame, zoonera patali zili lende pakhosi? Ambiri ndi aulemu ndithu. Koma mmodzi anandijambula ndikutumbula mlamba, thukuta lili chuchuchu, mpango utapendama, osandipatsa ngakhale moni. Mpaka lero nkhope yanga ili m'nyumba ya munthu wosadziwa dzina langa, ndipo sindidziwa kuti akamaonetsa anzake amati chiyani. Usakachite zimenezo kwa mayi wa mnzako. Moni kaye, upemphe, akakana uthokoze n'kupitirira. Nawenso adzakuyang'ana, mwanawe, ena adzafuna kugwira tsitsi limene ukulukitsa lerolo. Kumeneko udzakhala mlendo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo chilendo chimatopetsa. Undikhululukire, koma zimenezi zimandikhazikako mtima pansi, chifukwa wotopa amakumbuka kwawo.

Ku Mzuzu, pa ukwati wa mwana wa amalume ako, ndinadzichititsa manyazi ndi kondowole. Ndinali ndisanamudyepo. Atatibweretsera, ndinagwira pang'ono, kondowole n'kukakamira zala, fungo lake n'kundifika, ine nkhope tsinya. Ndinati ndakhuta, chonsecho m'mimba mukulira ngati achule a mu Januwale. Anthu atatanganidwa ndinazembera kuseri kwa khitchini n'kumasula kamba wanga, matemba okazinga ndi mpunga wozizira. Ndili mkati momeza, mayi mwini khomo tulukiru. Anandiyang'ana, anayang'ana matemba, n'kunena motsitsa kuti, "Amama, mukanangotiuza, tikanakuphikirani mpunga. Ife timayesa mwadwala." Munthu uja anadzuka m'mamawa kutiphikira chakudya chimene kwawo amapatsa mlendo wolemekezeka. Mawa lake ndinadya kondowole chifukwa cha manyazi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti anandikomera.

Choncho ku Fukuoka, kumene unati madzulo anthu amadyera m'timisasa m'mbali mwa mtsinje, usakapite ndi nkhope yanga ya ku Mzuzu. Ulawe. Chakudya cha munthu ndi ulemu wake, ukachikana wakana mwini. Usankhe kamsasa kamene eni mzinda adzazana, makamaka okalamba, chifukwa okalamba sabwerera kumene anatsegulako m'mimba. Usankhe pamene moto ukuuona ndi maso ako. Koma za nsomba yaiwisi zija, Elube, mwana wa msodzi iwe! Bambo ako atamva anangoti, "Kuno yaiwisi amadya ndi mphaka." Ife pa nyanja ino taika anthu m'manda chifukwa cha kolera, ndipo nsomba isanafike pakamwa imayenera kudutsa pamoto. Unati kumeneko madzi ndi aukhondo ndipo eni ake amadya chonchobe n'kumakalamba. Mwina n'zoona. Uyambe ndi kachidutswa, osati tsiku la ulendo, ndipo ukamva m'mimba mwatembenuka upite kuchipatala tsiku lomwelo, usati ndione kaye mawa.

Chondiwawa n'chakuti ukuchoka wopanda kamba. Ndinali nditakuyanikira matemba, nditakupetera kilombero wa pamwamba weniweni, iwe n'kundiuza kuti kubwalo la ndege adzalanda zonse n'kutaya. Chibadwire sindinaonepo mwana akuchoka pakhomo chimanjamanja, ngakhale wopita ku Jali pomwepa. Matembawo adya bambo ako, asangalala nazo. Unanena wekha kuti mpunga wa kumeneko ndi womata ndipo sununkhira ngati wathu. Ndiye mimba yako idzandithandiza, tsiku lina idzalira kwathu ndipo udzaimvera.

Ukuona tsono kuti mizinda yako itatuyi ndakuloleza. Ndakuopseza pang'ono, poti ndi ntchito yanga, koma wina adzakubweza ndi kuzizira, wina ndi chilendo, wina ndi njala ya chakudya cha kwanu. Umene ukundidwalitsa ndi wachinayi, umene iwe sunauwerengere n'komwe pa mizinda ikuluikulu.

Unali kumapeto, titatopa kale ndi zithunzi. Kamzinda kakang'ono m'mbali mwa nyanja ya pakati pa dziko, dzina lake landikana lilime. Pachithunzi panali minda ya mpunga, ngalande, bango wandiweyani, bwato la matabwa, munthu akulikankha ndi nsungwi monga amachitira bambo ako. Akakowa ataima m'madzi, kumbuyo kaphiri ngati Chisi. Unasiya kuseka. Unayang'ana nthawi yaitali, kenako unanena motsitsa kuti, "Amayi, taonani, ngati kwathu. Koma nyanja yake siiphwa." Utatero unawonjezera kuti, "Kumeneku munthu akhoza kukhalako." Sunaone kuti ndinadzuka n'kupita kukavundukula poto wopanda kanthu. Sindinafune kuti uone nkhope yanga.

Agogo anga, mayi a mayi anga, anabadwira kutsidya kwa nyanjayi, ku Mozambiki. Anabwera kuno ali mtsikana wa msinkhu wako, kudzaona mkulu wawo amene anasamukira mbali ino. Anabwera kudzacheza basi. Khasu analisiya m'munda, n'kuwauza mayi awo kuti akhala atabwerera mapira asanache. Akanapeza tauni ya phokoso ndi chilankhulo chosamveka, bwenzi atathawa sabata yomweyo. Koma anapeza dambo ngati la kwawo, nsomba zomwezo, mapiri ofanana, anthu opatsana moni ngati kwawo, ndipo moyo unali wopepukirapo kusiyana ndi kumene anachoka. Anati akhale kaye mwezi uno. Mkulu wawo anawapatsa mbande zotsala, iwo n'kuwokera pakangodya ka dambo, kungoti manja asakhale. Chowokedwa chimafuna wopalira, chopaliridwa chimafuna woingitsa mbalame, ndipo ndani amasiya mpunga utacha? Pokolola panapezeka mnyamata wothandiza kusenza mitolo. Chaka chotsatira kumsana kunali mwana. Uthenga wa imfa ya mayi awo unawapeza udzu utamera kale pamanda.

Ine ndinawapeza atakalamba, munthu wosakonda zolankhula. Ukawafunsa kuti kwanu n'kuti, ankangoloza kum'mawa ndi milomo n'kupitiriza zimene akuchita. Kangodya kaja ndi munda uno, pamene ndakhala pano. Moyo wanga wonse nkhaniyi ndaifotokoza monyadira, kuti umu ndi mmene tinapezera dambo lathu. Sabata ino ndi pamene ndaganizira koyamba za mayi amene anatsala kutsidya uja, amene ankatuluka m'mawa uliwonse kuyang'ana kunjira, mapira atacha, atakololedwa, atadyedwa. Palibe anatiuzapo dzina lake. Ndikamuganiza ndimamva mantha enieni, chifukwa tsopano woyang'ana kunjira ndikhala ine. Magazi a mtsikana uja ali mwa iwe, Elube, ndipo ndinawamva m'mawu ako tsiku lija.

M'bango ndinasocheramo kamodzi, iwe uli kumsana. Ukudziwa mmene bambo ako amachitira akamalowa m'tinjira ta m'bango ndi bwato. Pokhota paliponse amagwira nsonga za bango n'kumanga mfundo, ndipo akapita pang'ono amacheuka kuti aone mmene njira idzaonekere pobwerera. Anandiphunzitsa zimenezi tisanakwatirane n'komwe. Tsiku limenelo ndinatenga kabwato kukadula njedza zolukira mikeka. M'tinjira tachilendo ndinkamanga mfundo mosalumpha, ndikucheuka, mtima uli tcheru. Kenako ndinatulukira pa kanjira kena n'kuti, apa ndiye ndafika, aka ndi kathu kaja kotulukira padoko. Kukhota kwake komweko, kutambalala kwake komweko. Ndinasiya kumanga, ndinasiya kucheuka, ndinayamba n'kukuimbira nyimbo. Sikanali kathu. Kanandilowetsa mkati, kanagawika, kanagawikanso, ndipo pofuna kubwerera panalibe chondisonyeza kumene ndachokera. Bango kutalika kuposa mutu, phiri osaoneka, dzuwa likupendeka, iwe ukulira, madzi akumwa atatha. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Anandimva ndi asodzi a pa chimbowera, tinyumba tawo toyandama tija, ndipo ndi amene anatitulutsa.

Ndinkayembekeza kuti bambo ako akalipa. Anakutenga kumsana kwanga, anakupatsa madzi, n'kundifunsa kuti, "Mfundo munasiyira pati?" Ndinati pamene ndinaona kuti ndafika kodziwika. Anagwedeza mutu nati, "Kwachilendo sikusocheretsa munthu, amake Elube, poti amayenda maso ali pamtunda. Onse amene tinawafunafuna m'bangomu anasochera pamene anati pano ndikupadziwa." Nkhani inathera pomwepo, sanaibwerezenso.

Lero m'mawa ndinawauza kuti ndikuletsa, kuti ndikulumbiritsa kuti kukamzinda kameneko phazi lako lisakaponde. Anapitiriza kupukuta chikwama, osandiyang'ana. Anati, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukamuletsa apitabe, kungoti sakuuzani. Mukufuna akalowe m'bango osasiya mawu padoko?" Ndinawakwiyira, ndinanyamuka osamwa tiyi n'kubwera kuno kumunda. Ndakhala ndikukangana nawo mumtima kuyambira m'mawa, ndipo andipambana, ngakhale sindikawauza.

Ndiye sindikuletsa. Ukapite. Koma umve bwino zimene ndikupempha, ndipo apa usaseke.

Kumeneko ukapite pomaliza, maphunziro atatha, tikiti yobwerera kwanu ili m'chikwama ndipo tsiku lake likudziwika. Usakapite pa tchuthi choyamba, pamene mtima udzakhale ukulira kwathu, chifukwa wolira kwawo akapeza chofanana nako amachikumbatira osafunsa. Usakapite ndi mnyamata, ngakhale waulemu chotani, makamaka waulemuyo. Ukagone kumeneko masiku ochepa, ndipo mawu akuti "ndikhale kaye" asakatuluke pakamwa pako. Chachikulu ndi ichi: usakadzale kanthu. Kusukulu uwokere mpunga mmene aphunzitsi afunira, umenewo ndi wa mayeso. Koma m'kamzinda kameneko, wina akakakupatsa mbande kuti uthandize, ukathokoze n'kupinda manja kumbuyo. Ngakhale tsabola wa m'chitini usakadzale. Ndikukudziwa, sungasiye chinthu chimene wadzala chisanache, unatengera ine, ndipo ine ndinatengera agogo aja.

Ndipo kulikonse kumene upite uzimanga mfundo. Ukafika mumzinda, undiimbire. Zithunzi tumiza kwa alongo ako, ine ndikufuna mawu, chifukwa m'mawu ndimamva zimene chithunzi chimabisa. Ukamachoka undiimbirenso. Uzicheuka, Elube. Ukakwera sitima ucheuke, ukalowa m'kachisi ucheuke, ukakhuta zokoma za eni ucheuke. Ukadzaima m'mbali mwa nyanja yofanana ndi yathuyo, undiimbire uli pomwepo, ine ndidzathamangira padoko, tidzayang'ane madzi tonse awiri. Usadzandiuze zimene zikufanana, ndaziona kale. Udzayang'anitsitse mpaka upeze zimene kulibe, n'kundiwerengera chimodzichimodzi. Ngati palibe wokuitana ndi dzina la paubwana, unene. Ngati palibe manda a munthu wako, unene.

Ndikudziwa kuti nyanja yathu imaphwa. Unaiona wekha itasanduka fumbi, mabwato atagona chafufumimba, bambo ako akupalasa njinga pamene ankaponya ukonde. Ndikudziwa kuti msewu wathu mvula ikagwa ndi phala, ndipo udzudzu wa kuno sudziwa Lamulungu. Sindingapikisane ndi kwa eni, ndilibe chokunyengerera nacho. Koma amene akukutumiza akuti ukaphunzire kusunga madzi ndi kuchulukitsa mpunga, ndipo nyanja yosaphwa siikusowa munthu wotero. Yosowa ndi inoyi, pamodzi ndi mayi ako.

Amalume ako ndawauza kuti adikire. Munda wako ndiulima ndekha, msana ukalola, ukakana ndidzaulima chokwawa, koma wina saponda pano iwe usanabwere. Ana a mng'ono wanga ayamba kale kudutsa m'malire n'kumayamikira nthaka mokweza, ine ndimangowapatsa moni.

Ndisanakwere pansanja lero ndinapita pangodya ya munda, pamene pali tsinde la bango lija unkabisalamo uli mwana. Ndagwira nsonga zake n'kumanga mfundo. Mfundo ya pa bango siikhalitsa, bango likauma imagwa nalo, n'chifukwa chake bambo ako amamanga yatsopano ulendo uliwonse. Inenso ndizimanga ina nyengo iliyonse, malinga zala zikugwira. Tsiku limene udzabwere, usadzayambire kunyumba. Udzatsike kabaza pamlatho, udzadzere kumunda, udzayang'ane pangodyapo. Ukadzapeza mfundo yaiwisi, udzadziwe kuti ndilipo ndipo ndikubwera ndikuthamanga. Usachedwe mpaka kudzaipeza youma, mwana wanga.

Mpheta zateranso, ndipo ndikuona fumbi la njinga kumsewu, mwina ndiwe. Ndipukute m'maso ndisanatsike, ungandiseke.

Ndine wotsala kuyang'ana kunjira,
Mayi ako